Ntcheu, boma lotsetsereka kuchokera ku Tsangano kufika ku Manjawira

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Manjawira limaswa mtengo. Phula la msewu wa M1 limachita kung'anima, mbuzi zimaunjikana pamthunzi, ndipo amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu amafunda chitenje kumutu podikira minibasi yoti iime. Tsiku lomwelo, m'boma lomwelo, mlimi wa ku Tsangano amadzuka m'mamawa atavala juzi kupita kukathirira mbatata ya kachewere kudimba. Onse awiri ndi anthu a ku Ntcheu. Bwanamkubwa wawo ndi mmodzi, khonsolo yawo ndi imodzi, koma nyengo, mbewu ndi mavuto awo n'zosiyana kwambiri moti mlendo angakayike ngati ali m'dziko limodzi.

Amalawi ambiri amaidziwa Ntcheu pawindo la basi. Boma limeneli lili pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, choncho aliyense anadutsapo, anagulapo kabichi pa Lizulu kapena mbatata pamphambano ya ku Tsangano, kenako n'kugona tulo mpaka pa Zalewa. Ndi ochepa amene amadzifunsa chifukwa chake makutu amatsekeka basi ikangochoka pa boma kulowera kumwera, kapena chifukwa chake nyumba za tsidya lina la msewu pa Lizulu zili m'dziko lina. Mayankho a mafunso awiriwa ali m'maonekedwe a nthaka, ndipo mbiri yonse ya bomali yakhala ikutsatira maonekedwe amenewo.

Ntcheu ndi boma lakumapeto kwa chigawo chapakati. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 3,400, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 660,000. Kumpoto kuli Dedza, kum'mawa kuli Mangochi ndi Balaka, kumwera kuli Neno, ndipo mbali yonse yakumadzulo ndi Mozambique. Kumadzuloko kuli mtandadza wa mapiri umene Angerezi anautcha Kirk Range, potengera dzina la John Kirk, mnzake wa David Livingstone pa ulendo wa mumtsinje wa Zambezi. Pamwamba pa mapiriwa m'pamene pali Lizulu, Mlangeni, Biriwiri ndi Tsangano: malo ozizira, a nkhungu, kumene kumachita bwino kabichi, tomato, anyezi, nyemba, mbatata ya kachewere ngakhalenso tirigu. Ukatsika pang'ono umafika pa boma penipeni, Nsipe ndi Kampepuza, dera la chimanga ndi mtedza. Ukatsikanso, nthaka imagawikana pawiri. Kumpoto chakum'mawa kuli chigwa cha Bwanje, kumene kumadutsa njanji ndi msewu wa M5 kudzera ku Bilila ndi Sharpevale. Kumwera kuli dera louma lolowera kumtsinje wa Shire, dziko la mafumu Phambala ndi Tsikulamowa, kumene kuli Chingeni, Manjawira ndi Senzani. Kuno ndi kwa thonje, nandolo, masau ndi milambe, ndipo mvula ikachedwa sabata ziwiri zokha chimanga chimayamba kupota masamba.

Mitsinje yonse ikuluikulu ya m'bomali imabadwira kumtunda. Livulezi ndi Bwanje amalowera kumpoto, kunka kunyanja ya Malawi. Rivirivi amatsetserekera ku Balaka n'kukathira mu Shire. Lisungwi amalowera kumwera kudutsa ku Neno, nayenso n'kukathera mu Shire. Munthu wa kumunsi alibe mtsinje wakewake. Madzi onse amene amaona amakhala atadutsa kaye m'minda ndi m'nkhalango za anzake a kumtunda. Mfundo imeneyi ndi imene imandisowetsa mtendere ndikaganiza za Manjawira.

Malire a dziko nawonso anatsata madzi. Pa 11 Juni 1891, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino la Africa, ndipo mbali ino anagwirizana kuti malire adzatsata msana wa mapiri: kumene madzi a mvula amatsikira kunyanja ndi ku Shire kukhale kwa Angerezi, kumene amatsikira kumadzulo kunka ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Patapita zaka, omanga msewu anasankha msana womwewo, poti pamsana sipafuna milatho yambiri. N'chifukwa chake kuchokera cha ku Dedza kufika ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni kwa mtunda wautali. Ukaima pa Lizulu tsiku la msika, ukhoza kugula tomato ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula chitenje ku Mozambique, ogulitsa onse akuyankhula chinenero chimodzi, ena ali pachibale cha magazi.

Amene analemba panganoli ku Lisbon sanafunse eni nthaka, ndipo mzere wawo unadula ufumu umene unalipo kale. Angoni a kwa Maseko anachokera kumwera kwa Africa, dera loyandikana ndi Eswatini wa lero, pothawa nkhondo za nthawi ya Shaka. Anawoloka Zambezi, anayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania pansi pa mfumu Mputa, ndipo Mputa ataphedwa kumeneko, m'bale wake Chidyaonga anawabweza kumwera. Cha m'ma 1870 anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, lomwe lero lili m'boma la Angonia ku Mozambique. Apa m'pamene Chikuse, mwana wa Mputa, analamulira. Anthu amene Angoni anawapeza ndi kuwagwira m'njira, Antumba, Ambo ndi magulu ena a Achewa ndi Amang'anja, anachuluka kuposa Angoni enieniwo. Ana analeredwa ndi amayi oyankhula Chinyanja, ndipo m'mibadwo iwiri kapena itatu Chingoni chinatsala m'nyimbo za ngoma, m'mayina a mafuko monga Maseko ndi Ngozo, ndi m'miyambo ya ukwati ndi maliro. Chichewa cha ku Ntcheu chimene anthu amachizindikira munthu akangotsegula pakamwa chinabadwa m'kusakanikirana kumeneku.

Tisabise mbali yowawa ya mbiriyi. Asilikali a Chikuse ankatsika m'mapiri chilimwe chilichonse kukafunkha anthu, ziweto ndi chakudya. Mu 1884 anawoloka Shire n'kukafika kufupi ndi Blantyre. Dera lakumunsi, kumene lero kuli Manjawira ndi Senzani, linali pakati pa mapiri ndi mtsinjewo, ndiye kuti linali m'njira ya nkhondo. Anthu a kumeneko ankasankha pakati pa kugonja n'kumapereka mitulo, kapena kuthawira m'mapiri ang'onoang'ono ndi m'zilumba za mu Shire. Tikamavina ngoma lero, ndi bwino kukumbukira kuti ambiri mwa ovinawo ndi zidzukulu za ogwidwa, osati za ogwira okha.

Chikuse anamwalira mu 1891, chaka chomwe malire analembedwa. Mwana wake Gomani analowa ufumu pa nthawi yovuta kwambiri. Kunyumba kunali mkangano ndi Kachindamoto, wa banja lomwelo la chifumu, umene unafika pa nkhondo ndipo unathera poti Kachindamoto akhazikike kumunsi, cha ku Mtakataka m'boma la Dedza. Kunja kunali boma latsopano la atsamunda lomwe linkafuna msonkho wa nyumba ndi anthu ogwira ntchito m'minda ya azungu ku Blantyre ndi Zomba. Amishoni a Zambezi Industrial Mission anali atamanga pa Dombole, Chiole ndi Ntonda, ndipo anyamata amene kale akanakhala asilikali a mfumu anayamba kupita kukagwira ntchito kumishoni ndi kwa azungu popanda chilolezo chake. Gomani anaona kuti ufumu ukumuthawa m'manja. Mu Okutobala 1896 anatumiza asilikali kukalanga midzi yozungulira mishonizo. Boma la atsamunda linayankha potumiza gulu lankhondo kuchokera ku Zomba, ndipo pa 27 Okutobala 1896 Gomani anaphedwa ndi mfuti. Zolemba za atsamunda zimati anazengedwa mlandu n'kuweruzidwa. Angoni amasimba kuti mfumu inakana kuyendetsedwa pansi itamangidwa ngati kapolo, ndipo asilikali anaiwombera panjira pomwepo. Manda ake ali pa Nkolimbo, kufupi ndi boma la Ntcheu, ndipo m'pamene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka kumayambiriro kwa Sepitembala pa mwambo wa Umhlangano. Kumabwera ndi abale a tsidya lina, a kwa Zintambira ku Angonia, amene mzere wa 1891 unawasiya m'manja mwa Apwitikizi.

Mipingo inalowa m'bomali mothithikana kuposa m'maboma ambiri. Kupatula a Zambezi, kunali mishoni ya Livulezi imene inayambitsidwa ndi a Livingstonia n'kuperekedwa kwa a Dutch Reformed, kunali Gowa imene inayamba ndi a Baptist n'kudzakhala ya Churches of Christ, ndipo mu 1901 ansembe a chipani cha Montfort anafika pa Nzama n'kutsegula mishoni imene Akatolika a m'Malawi amawerengerapo chiyambi cha mpingo wawo wokhazikika. A Seventh-day Adventist ali ndi Lakeview ku Mlangeni. Mukayang'ana mayinawa pa mapu mupeza kuti pafupifupi onse ali kumtunda kapena m'mphepete mwa mapiri, kozizira ndi kopanda udzudzu wambiri. Sukulu ndi zipatala zoyamba zinatsata mishoni, ndipo kumunsi kunayamba mpikisano kuli m'mbuyo kale.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri m'mbiri ya Ntcheu ndi ya Philip Gomani, Gomani wachiwiri. Anali mwana wamng'ono bambo ake akuphedwa. Anaphunzira kumishoni, analowa ufumu m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa nthawi yaitali atsamunda ankamutama kuti ndi mfumu yachitsanzo: yolimbikitsa sukulu, ukhondo m'midzi ndi ulimi wabwino. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Margaret Read anakhala pakati pa anthu ake m'zaka za m'ma 1930 ndipo zambiri zimene dziko lakunja limadziwa za Angoni a ku Ntcheu zinachokera m'mabuku ake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linakhwimitsa malamulo amene anthu ankangowatchula kuti malimidwe: kulima mizere yopingasa m'malo mwa matutu, kuunda migula m'malo otsetsereka, kusalima m'mphepete mwa mitsinje, kuzula mapesi a thonje pa tsiku loikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, kutsekeredwa, nthawi zina mbewu zake kuzulidwa. M'boma lotsetsereka ngati Ntcheu malamulowa analuma kwambiri, ndipo amene ankayenera kuwakakamiza anali mafumu.

Mu 1953, Britain itatsimikiza zokhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ngakhale anthu akuda anakana, Philip Gomani analamula anthu ake kuti asiye kumvera malamulo a malimidwe ndi ena otero. Boma linamuuza kuti abweze lamulolo, iye anakana. Anamuchotsa paufumu n'kulamula kuti achoke m'boma lake. Anali wokalamba ndi wodwala. Apolisi atabwera kudzamutenga ku Lizulu, anthu anatchinga, ndipo mothandizidwa ndi mwana wake Willard komanso m'busa wa Anglican Michael Scott, mfumu inawolokera ku Mozambique, komwe kunali kungodumpha msewu. Apwitikizi anawagwira n'kuwabweza. Scott anathamangitsidwa m'dziko, ndipo Gomani anamwalira mu Meyi 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo.

Gomani anachita bwino kukana. Boma lomwe limazula chimanga cha mayi wamasiye chifukwa mzere wapendekeka, uku likumuuza kuti dziko lake lalumikizidwa ndi Rhodesia iye osafunsidwa, silinayenere kumveredwa. Koma chilonda chimene nthawi imeneyo inasiya n'chakuti kusamala nthaka kunasanduka nkhani ya chikwapu ndi chindapusa. Alangizi a zaulimi ankanena zoona kuti nthaka ya m'mapiri a Ntcheu ikukokoloka. Njira yawo ndi imene inachititsa kuti choonadicho chidedwe. Mpaka lero, nkhani ya mitengo ndi nthaka ikafika kumudzi imabwera kawirikawiri itavala yunifolomu, ndipo anthu amailandira monga momwe agogo awo ankalandirira kapitawo wa malimidwe.

Zaka za pakati pa imfa ya Gomani ndi nkhondo ya ku Mozambique zinali za ulendo. Amuna a ku Ntcheu anadzaza m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela mpaka Kamuzu Banda atayimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Ena anapita ku Salisbury ndi Bulawayo, ambiri osabwerako. Bomali linatulutsanso anthu amene mayina awo ali m'mbiri ya ndale: Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party amene ananyongedwa mu 1977, Sam Mpasu, mlembi wa mabuku amene anatsekeredwa mu 1975 n'kudzakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndi Saulos Chilima, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, amene anaikidwa m'manda ku Nsipe mu Juni 2024 atafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa.

Kenako kunabwera othawa nkhondo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'chigawo cha Tete cha m'ma 1986, midzi yathunthu ya ku Angonia ndi Tsangano ya ku Mozambique inasamukira mbali ino ya msewu. Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu, pamodzi ndi Nsanje ndi Dedza, inali m'gulu la maboma amene analandira ochuluka. Kuno ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa ndi waya. Anamanga pakati pa abale awo, m'midzi ya mafumu amene ankawadziwa kale. Amene anadutsa pamsewuwu nthawi imeneyo amakumbukira tsidya lina kuli mabwinja a masitolo obooka ndi zipolopolo, tsidya lino kuli tinyumba tothithikana mpaka m'mbali mwa phula. Anthu a ku Ntcheu anagawana ndi alendowo minda, zitsime ndi manda, ndipo dziko silinawathokoze mokwanira. Mtengo wake unaoneka m'mapiri. Anthu onsewo ankafunika mitengo yomangira ndi nkhuni zophikira nyemba za chithandizo, ndipo pofika 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome, zitunda zambiri za m'malire zinali zitayera.

Pa nthawi yomweyo boma linali kumanga ntchito yaikulu ya madzi m'bomali. Damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai, linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kutha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nzeru yake inali yosavuta: kusunga madzi pamwamba pa phiri n'kuwasiya atsike okha m'mapaipi, popanda injini, kupita kumidzi yakumunsi kwa Ntcheu, ku Balaka ndi madera oyandikana nawo. Kutsetsereka kwa nthaka, kumene kunkabweretsa nkhondo kumunsi, tsopano kunabweretsa madzi a pampopi. Kwa mayi wa kudera louma, kumene mijigo ina imatulutsa madzi a mchere ndipo mitsinje imaphwa mwezi wa Ogasiti usanathe, mpopi umenewu unasintha tsiku lake lonse.

Mu 2018 damu la Mpira linauma. Pansi pake panang'ambika ming'alu, mipopi inangotsala ikulira mphepo, ndipo tawuni ya Balaka inayamba kudalira zitsime zokumbidwa mwachangu. Mvula inali itavuta zaka zotsatizana, n'zoona, koma aliyense amene anakwera ku Mvai anaona chifukwa china: mitengo yodulidwa, minda yolowa m'nkhalango, dothi lokokoloka litadzaza m'damu. Madzi anabwereramo mvula itagwa bwino, koma chenjezo linali litaperekedwa. Nkhalango za Mvai ndi Dzonzi si zokongoletsa mapiri; ndi thanki ya anthu a kumunsi.

Apa m'pamene nkhaniyi imavuta, chifukwa wa kumunsi nayenso ali ndi nkhwangwa m'manja. Msewu wochokera pa Chingeni kudutsa Manjawira, Senzani ndi Phalula kukafika pa Zalewa umadziwika ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwake. N'zosavuta kwa munthu wa m'galimoto kupukusa mutu. Koma amene amaotcha makalawo ndi bambo amene chimanga chake chinapserera mu Febuluwale, thonje lake analigulitsa pa mtengo wolira nawo, ndipo mwana wake akufuna fizi. Amene amagula ndi ife a mu Blantyre ndi Lilongwe, amene timaphikira makala ngakhale m'nyumba zokhala ndi magetsi. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, ndipo matumba amalandidwa pa malodibuloko. Wogwidwa kawirikawiri amakhala wa panjinga. Pamwamba pa minda ya m'boma lomweli pamadutsa mawaya akuluakulu a magetsi ochokera ku Phombeya ku Balaka kupita ku Nkhoma, amene anatha kumangidwa mu 2018, pamene midzi yambiri ya pansi pake imagona mumdima.

Zinthu zambiri za mtengo wapatali zimadutsa mu Ntcheu osaima. Njanji ya ku Salima yakhala ikudutsa m'chigwa cha Bwanje kuyambira m'ma 1930. Mathiraki a mafuta, feteleza ndi fodya amadutsa usana ndi usiku. Mu Novembala 2021 boma linatsegula pa Chingeni chipata choyamba m'dziko muno cholipiritsa galimoto, ndipo tsiku lililonse ndalama zimasonkhanitsidwa pamtunda woyenda pansi kuchokera kumidzi imene misewu yake yafumbi imaduka mvula ikangoyamba. Msewu wa Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza, umene ukanatsegula dera lolima mbatata ndi tirigu wochuluka, wakhala ukulonjezedwa ndi maboma otsatizana, ndipo ntchito yake yayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mlimi wa kumtunda amagulitsa mbatata motchipa chifukwa galimoto zimaopa msewu. Wa kumunsi amaigula modula pamsika chifukwa yazungulira.

Kwa munthu wa ku Manjawira, tawuni ya Balaka ili pafupi kuposa boma la Ntcheu, ndipo zambiri za tsiku ndi tsiku, kugula, kugulitsa, kukwera sitima, amazichitira kumeneko. Nyengo yake ndi ya Balaka, mbewu zake ndi za Balaka. Balaka inakhala boma palokha mu 1998, Neno mu 2003, pa chifukwa chakuti anthu anali kutali ndi likulu la boma lawo. Sindikunena kuti kumwera kwa Ntcheu kudulidwe; kudula kwachuluka kale m'mbiri ya dera lino, ndipo kulekanitsa wa kumunsi ndi phiri limene limamupatsa madzi kungakhale kulakwitsa kwina. Chimene chikufunika n'chakuti khonsolo ya Ntcheu, mafumu kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi Gomani wachisanu, amene analongedwa ufumu mu 2012, ndi a nthambi za madzi ndi nkhalango aziliona bomali monga momwe madzi amaliyendera, kuchokera pamsana wa mapiri kufika ku Shire.

Zimenezi zikutanthauza zinthu zogwirika. Midzi yozungulira Mvai ndi Dzonzi, imene timaipempha kuti isalime kapena kudula m'nkhalango, iyenera kupindulapo kanthu kooneka pa madzi amene ikusungira anzawo, apo ayi pempholo lidzamveka ngati malimidwe a 1953. Mafumu a kumunsi, a Phambala ndi a Tsikulamowa, ayenera kukhala ndi mpando pa zokambirana zonse za nkhalango za kumtunda, chifukwa anthu awo ndi amene amayamba kumva ludzu. Ndipo gawo la ndalama za pa Chingeni liyenera kuoneka m'misewu ya m'midzi yozungulira chipatacho, kuti nandolo ndi thonje la ku Manjawira zizifika pamsewu waukulu nthawi ya dzinja popanda kusenzedwa pamutu.